Nkhope Yotsalira pa Nsalu

Atabwerako kumanda, antchito a m'nyumba ya de Chantemerle, kunja kwa mzinda wa Dijon, anayamba kuchotsa nsalu zakuda zimene anaphimba nazo magalasi ndi zithunzi. Atakoka ya pa chithunzi cha malemu Dona Eloise, nkhope inachoka pamodzi ndi nsaluyo. Pakhoma panatsala diresi ndi mikanda, pamwamba pake phala la penti.

Wapolisi Gaudry anafika mvula ikuwaza. Anakhudza chithunzicho, chala chinabwerako chofiira. Penti wa mafuta amachedwa kuuma, inde, koma osati zaka makumi awiri. Ichi chinali cha dzana.

Mwamuna wa malemu, Bwana de Chantemerle, analumbira kuti palibe analowa ndi katundu. Kenako anakumbukira. Octave Pirou, mkulu amene anajambula donayo akadali mtsikana, anabwera tsiku la maliro atanyamula chithunzi chokutidwa, akuti cha Mariya Woyera, choti chiime pafupi ndi bokosi. Antchito anamusiya yekha m'chipinda chochezera. Bwanayo atamva, anamuthamangitsa.

"Ndinamuuza kuti atenge zinyalala zake azipita."

"Ndiye anakumverani, bwana," anatero Gaudry.

Pirou sanathawe. Gaudry anampeza m'kachipinda kake kozizira pamwamba pa shopu ya buledi, atakhala moyang'anizana ndi chithunzi chenichenicho. Sanakane mlandu. Anati anamva kuti bwanayo anapangana kale ndi wamalonda a vinyo kuti mkazi wake akangomwalira, chithunzi chigulitsidwe. Ndiye anajambula china kuchokera m'mutu, choti mwamuna amene sanayang'anepo mkazi wake bwinobwino asazindikire kuti zithunzizo zasinthidwa.

"Mukanadikira chiume, achikulire," anatero Gaudry.

"Dokotala anati donayo akhala moyo mpaka chilimwe."

Gaudry anamulola kuvala jekete. Anatsika masitepe, chithunzi patsogolo, mwini luso pambuyo.

Khoti linamupatsa zaka ziwiri. Chithunzi chinabwerera kwa bwanayo, ndipo sabata isanathe chinali kwa wavinyo uja. Anachipachika m'chipinda chodyera, ndipo alendo amawauza kuti ndi agogo ake.

Pirou anapempha chinthu chimodzi chokha choti apite nacho kundende: nsalu yakuda ija. Anati diso lakumanzere linatsalirapo lonse.

Anamukaniza. Nsaluyo inali umboni wa boma.