Kiyi wa Pampopi

Lolemba, nthawi ili 7:20 m'mawa, Sajeni Chrispin Chimphepo analowa m'chigayo cha a Rodwell, kuseri kwa msika wa Nsaru. Mwini chigayo anali kwala pansi, dzanja litapanikizika palamba wa injini, kunkhongo kuli bala lalikulu. M'kati monse munali fungo la mphira wopserera.

Anthu panja anali atagamula kale mlandu, paja pamsika sipasowa oweruza. Dzulo lake Rodwell anakangana ndi mkazi wake Tisiyenji mpaka anthu oyandikana nawo anamva, choncho aliyense ankati mayiyo ndiye wapha. Achibale a malemu anali panjira kuchokera ku Kabudula, atakwiya. Chimphepo anadziwa kuti akachedwa kupeza choona, Tisiyenji agona m'chitokosi kapena awotcheredwa nyumba.

Amene anapeza mtembo anali Levison, mchimwene wake wa Tisiyenji.

"Ndimadutsa cha m'ma 6 koloko, ndinawaona alamu akuliza injini okha," anatero Levison. "Pobwerera ndinawapeza chonchi, injini itazima. Ndi ngozi basi, bwana."

"Inu mumaidziwa injiniyi?"

"Sindinaikhudzepo chibwerereni. Alamu sankalola."

Chimphepo ananjuta n'kuyamba kuiona bwino. Sinali injini ya chigayo wamba. Rodwell anagwira ntchito yokonza mainjini a maboti zaka makumi awiri, ndipo popuma anagula yakaleyi n'kuimangira chigayo. Inkazizira ndi madzi okoka m'thanki kudzera m'paipi ya kuseri kwake. Mpopi wa paipiyo unali wotseka. Sefa ya madzi inali pabenchi, yotsukidwa mbali imodzi. Kiyi anali pobayira pake.

Nthawi ya 9:15, m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi, Tisiyenji anakhala moyang'anana ndi Chimphepo.

"Munakangana chiyani, mayi?"

"Ankafuna tisamukire kwawo ku Kabudula, chigayo chomwe. Ndinakana, koma madzulo ndinavomera. Ndinakawauzanso achimwene."

"Lolemba m'mawa amuna anu ankachita chiyani?"

"Lolemba sankagaya mpaka 8 koloko. Ankayamba aona oyilo, akhetsa madzi a m'dizilo, kenako atseka mpopi n'kutsuka sefa. Akatseka mpopi, kiyi ankamukoleka pampopi pomwepo."

"Chifukwa?"

"Amati ndi mwambo wa m'maboti. Dzanja likapita kukatenga kiyi, limakumbuka kutsegula madzi. Injini ija ikalira yopanda madzi, mphira wa m'pampu umapsa, iyo n'kuzima. Anandiphunzitsa inenso, poti akadwala ndinkailiza ndine."

Chimphepo anakumbukira fungo la mphira lija. Munthu wa zaka makumi awiri pantchito saliza injini sefa ili pabenchi. Amene anailiza ndi wina, Rodwell atagwa kale, kuti lamba asenze mlandu. Komabe mawu a mkazi woganiziridwa sakanakwanira paokha.

Nthawi ya 11 koloko anabwerera kuchigayo yekha. Anazula kiyi, nakamukoleka pampopi kuseri kwa injini, pamalo osaoneka munthu ali pakhomo. Kenako anaitanitsa Levison ndi Tisiyenji, ndipo apolisi anzake anabwera nawo. Panja galimoto ya a ku Kabudula inali itafika, ndipo ena anali atatola kale miyala.

"A Levison, tandithandizani," anatero Chimphepo mofatsa. "Ndikufuna ndione mmene lamba amazungulirira. Ngati ndi ngozi, mlongo wanu apita kwawo lero. Tayesani kuiliza."

Levison sanafunse n'komwe kuti kiyi ali kuti. Anazungulira injini, anapisa dzanja kuseri, natulutsa kiyi. Mpopi sanaukhudze. Atangoti abaye kiyi, Tisiyenji anakuwa mosaganiza.

"Madzi! Tsegulani madzi kaye, muipsereza!"

Chimphepo anagwira dzanja la Levison.

"Munati simunaikhudzepo. Nanga mwadziwa bwanji pokhala kiyi? Ndipo madzi mwawasiya otseka, ngati mmene anachitira amene anailiza m'mawa uja."

Levison anayang'ana kiyi m'dzanja mwake. Kenako anakhala pathumba la chimanga.

"Malo ano ndi athu, bwana. Njerwa za chigayochi ndinaumba ndine. Mbumba yonse imadya pano. Mkamwini asamakule mwendo, eti? Lero angonyamula chigayo ndi mlongo wanga ngati katundu wake? Ndinabwera kudzawapempha. Anandiyankha atandifulatira, akutsuka sefa yawoyo, amvekere zatha kale. Sipanala inali pabenchi."

"Ili kuti?"

"M'thanki ya madzi."

Wapolisi wina anapinda malaya, naivuula. Chimphepo anamanga Levison unyolo, nauza anzake kuti abweretse galimoto pakhomo penipeni, anthu a miyala aja asamupeze.

Levison anatembenukira kwa mlongo wake, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndimafuna usachoke pamudzi, Tisiyenji."

"Anthu akunditolera miyala panja apa kuyambira m'mawa, achimwene, inu muli chete."

Tisiyenji anatenga kiyi pabenchi pomwe Chimphepo anamuika atamulanda Levison, nakamukoleka pampopi monga ankachitira mwamuna wake. Kenako anatuluka kukakumana ndi a ku Kabudula, nawauza kuti maliro akachitikira kwawo, ndipo iye apita nawo, ku Nsaru sabwereranso.