Kakhadi Kamene Ndinafufuta

Inu amene mumati mayi wa msinkhu wanga sangadziwe za makompyuta, kokani mpando mukhale pansi, mundimve mpaka ndimalize. Mukatero ndiye mutsutse. Ine ndinamaliza sekondale pa nthawi imene atsikana anzanga ankathera ku pulayimale, ndipo shopu yanga yotaipa, kusindikiza ndi kukonza za m'mafoni yakhala pamsewu womwewu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Aphunzitsi, anamwino, ngakhale maloya amabwera atagwira mutu: "Mayi Kompyuta, zithunzi zanga zasowa!" Ine ndimangoseka. Chofufutidwa sichifa, chimangobisala, ndipo ine ndimadziwa kumene chimagona.

Mchimwene wanga wamng'ono, wowotcherera zitsulo, ndinamulera ndine makolo athu atamwalira. Mkazi wake ndinamukonda tsiku lomwe anadzamuonetsa. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, munthu woseka ndi mano onse, wosadziwa kusunga chakukhosi. Akamachokera kuntchito, mwamuna wake ankazimitsa makina n'kuvula magalasi ake akuda owotcherera kuti amuone bwino. Anabereka ana awiri aakazi. Banja limenelo ndinkalitchula ngati chitsanzo kwa makasitomala anga.

Wachiwiriyo atabadwa, mlamu wanga anabwera ku shopu foni ili m'manja.

"Alamu, foniyi ikungoti malo atha. Ndifufute ziti? Ana anga omwe?"

"Uli ndi mlamu ngati ine, n'kumadandaula zimenezo?"

Pakhoma la shopu yanga pali lamulo: katundu wosiyidwa miyezi itatu ndi wanga. M'dirowa muli timakhadi tosungira zithunzi, tating'ono ngati chikhadabo, timene eni ake anatiiwala. Ndinatola kamodzi, ndinafufuta zonse, n'kumuikira m'foni. Kuti kanali ka yani sindinalembe paliponse. Ndilembe chifukwa chiyani? Ndinkakhulupirira mutu wanga. Mphuno salota.

Panapita chaka. Abwana ake anauza mlamu wanga kuti akaphunzira kuyendetsa galimoto amukweza paudindo, azikapereka mankhwala m'zipatala. Mchimwene wanga anakana. Anati mkazi wake sangakhale m'galimoto ndi mwamuna wina, mawindo otseka. Mayiyo sanatsutse, koma pa nthawi yopuma masana ankazemba n'kukakwera galimoto ya mphunzitsi wina woyendetsa, mnyamata wovala bwino wa tindevu tosongoka. Ankati akadzakhoza mayeso, mwamuna wake adzaseka yekha.

Koma msewu uli ndi maso, ndipo pakamwa pa anthu palibe chitseko. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anakaima pamene mchimwene wanga amawotcherera.

"Inu muzingolumikiza zitsulo za eni, kwanu kukulumikiza ena," anatero akuseka.

Ha, nsanje! Imalowa ngati dzimbiri, pang'onopang'ono, mpaka chitsulo cholimba chithyoke ndi dzanja. Mchimwene wanga anasiya kuvula magalasi aja. Anayamba kuwerenga nthawi imene mkazi wake wafikira, kununkhiza zovala zake, kudzidzimuka foni ikalira.

"Masana unali kuti?"

"Kuntchito, bambo a ana. Ndikanakhalanso kuti?"

"Ntchito yako masiku ano ili ndi matayala? Tsegula foniyo!"

"Sinditsegula. Mumanditenga ngati wakuba?"

"Undiuze mawu achinsinsi!"

"Foni ndi yanga. Inu mthumba mwanu ndimapisamo?"

Mlamu wanga ankaopa kuti mwamuna wake aona mauthenga opangana nthawi ya maphunziro. Mantha ang'onoang'ono amenewo ndi amene anamukumbira manda.

Loweruka m'mawa mayiyo akusamba, mchimwene wanga anatenga phini n'kutulutsa kakhadi kaja. Foni inali yokhoma, koma kakhadi kalibe loko. Anafika ku shopu maso ali psu.

"Achemwali, si inu mumati chofufutidwa sichifa? Ndiukitsireni zonse zimene mlamu wanu anafufuta umu."

"Iwe, za mwini sinditsegula mwini wake palibe. Ndi lamulo langa."

"Ingonenani kuti simungathe. Ndipita kwa anyamata a tsidya linalo, amene anaphunzira zenizeni."

Mawu amenewo anandilasa. Ine? Kundiyerekeza ndi ana a dzulodzulo, amene ndinawaphunzitsa kugwira mbewa ya kompyuta? Ndinamulanda kakhadiko.

"Khala apo uone mmene akatswiri amachitira."

Pulogalamu yanga inayamba kufukula. Poyamba panatuluka zithunzi za ana zosaoneka bwino. Kenako panatuluka mwamuna wa tindevu tosongoka, atagona pabedi wopanda malaya, akumwetulira. Zithunzi khumi ndi chimodzi. Pansi pake panali mawu ojambulidwa a mwamuna yemweyo. Ndinadina.

"Wokondedwa wanga, pirira. Posachedwa tikhala nyumba imodzi, palibe wotiletsa."

Pambali pa chithunzi chilichonse panali tsiku limene chinajambulidwa. Zinali pomwepo, patsogolo pa maso anga. Koma ine ndinali nditatembenuka, ndikumuuza mchimwene wanga kuti, "Waona? Anyamata akowo akanatha zimenezi?"

Anaimirira n'kutuluka, kusiya chipewa chake pampando. Ndinaganiza kuti akukalira.

Anadzera kuntchito kwake n'kutola chitsulo cha geti imene sanamalize. Dzuwa linali paliwombo. Mlamu wanga ankayanika zovala za ana kuseri kwa nyumba, zopanira zovala zili pakamwa. Oyandikana nawo anamva akukuwa kamodzi kokha: "Bambo a ana, dikirani ndikuuzeni!" Sanadikire. Mwana wamkulu anali ataima pakhomo.

Tsiku lachitatu titaika maliro, ndinatsegula kompyuta yanga n'kuyang'ananso zithunzi zija. Zonse zinajambulidwa zaka ziwiri mlamu wanga asanakwere galimoto ija, kakhadiko kasanalowe n'komwe m'foni mwake. Apo mutu wanga umene ndinkaukhulupirira unakumbuka. Mphunzitsi uja anabwera nako yekha ku shopu kwanga kudzasindikiza zithunzi zoti atumizire bwenzi lake la kutali, ndipo sanabwerenso kudzakatenga. Ndine ndinafufuta. Ndine ndinapereka. Ndinenso ndinaukitsa. Akulu sananame: ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Kukhoti ndinaima maola awiri osamwa madzi. Ndinafotokoza mmene kakhadi kamasungira zinthu, mmene kufufuta kumangochotsa dzina pakhomo koma katundu n'kukhala m'nyumbamo, mpaka wina adzaike wake pamwamba. Loya wa boma sanandikole ngakhale pamodzi. Mphunzitsi uja anabwera ndi mkazi wake, bwenzi la kutali lija limene ankaliuza mawu aja, ali ndi khanda kumsana. Wapolisi anatsegula chikwama cha malemu n'kutulutsa pepala: mayeso ake oyendetsa galimoto anali Lolemba lotsatira.

Mchimwene wanga anangoti khuma, kuyang'ana pepalalo. Woweruza anati nsanje si umboni, ndipo munthu wobera chinsinsi cha mnzake sapeza choonadi, amapeza chimene mtima wake unakonzeratu. Anamupatsa zaka makumi awiri ndi zisanu.

Ndinapita kukamuona kundende kamodzi. Anandiyang'ana kudzera pa waya.

"Achemwali, mukanangonena kuti simungathe."

Kenako anauza oyang'anira kuti ndisadzabwerenso.

Tsono inu osunga zinthu za eni, mverani: chinsinsi cha munthu si malo oonetserapo luso. Foni yokhoma musaiumirize, ndipo kakhadi kakale musamapatse munthu amene mumamukonda. Kathyoleni, mutaye.

Mukufuna kudziwa chimene ndinapindula? Ndikuuzani osachotsera. Woweruza analemba patsamba lachisanu ndi chinayi la chigamulo kuti ndine mboni yodziwa ntchito yake kuposa onse amene anaima m'khotimo. Pepala limenelo ndili nalo. Ndinapezanso chipewa chimodzi chonunkha utsi wa zitsulo, ndi ana awiri aakazi ogona m'chipinda changa. Wamng'onoyo tsiku lililonse amandifunsa kuti, "Azakhali, si inu mumabweza zosowa? Amayi mubweza liti?"