Tipoti ya pa Khonde la Kwa Ruka

Kotone anafika kunyumba atatseka mphuno. Bambo ake, a Isomura, anali atayanikanso ndere za m'nyanja pabwalo, ntchentche zili ng'waa! Nderezo ankakulungira matipoti a dongo asanawaotche mu uvuni, kuti zisiyepo mizere yofiirira imene ogula a mumzinda wa Tokoname ankaikonda.

"Ababa, zonyansa zanuzi simungakayanike kwina? Yunifomu yanga yonse ikununkha ngati nsomba yoola!"

"Ukaipachike kutali," anayankha bambowo osadzutsa mutu.

Kotone anatsonya. N'chifukwa chake sankaitanira anzake kwawo. Ngakhale Ruka, mnzake wa m'kalasi, Kotone anali atamunamiza kuti bambo ake amagwira ntchito mu ofesi mumzinda wa Nagoya.

Loweruka anapita kwa Ruka kukakonzekera mayeso. Nyumbayo inali yonyezimira, yonunkhira maluwa, mwakuti Kotone anadzinunkhiza malaya mobisa asanavule nsapato. Ruka anatulutsa tiyi wa m'botolo mu filiji, nati akakhale pa khonde poti kunkatentha. Kumeneko anapeza Daigo, mchimwene wake wa Ruka, atatambalala, ndudu ili pakamwa. Mnyamatayo anakhosomola, n'kulavulira makhololo m'kachiwiya kamene kanali pambali pake, kenako n'kuzimitsiramo nduduyo.

 Kotone anafuna kuyang'ana kumbali, koma maso anamukanika. Kachiwiyako kanali tipoti ya chogwirira cham'mbali, yamizere yofiirira. Atasendera, anaona chidindo cha bambo ake pansi pa chogwiriracho. M'katimo munali madzi akuda bii, zotsalira za ndudu zikuyandama, ndi chingamu chotafuna kale chitamatirira pa timabowo tosefera masamba a tiyi. Timabowo timeneto bambo ake ankabowola kamodzikamodzi, atavala magalasi, msana utapindika mpaka dzuwa kulowa.

"Mwaitenga kuti imeneyi?" anafunsa Kotone.

"Kampoto ako? Anawapatsa adadi kuntchito," anatero Ruka. "Ndani angavutike n'kufulula masamba masiku ano? Ndi za nkhalamba izo."

"Koma n'kabwino, mlongo," anaseka Daigo. "Ukatseka chivundikiro, fungo silituluka olo pang'ono. Amene anakaumba ankadziwa za fodya ameneyo!"

Anakokanso makhololo kuti alavule. Kotone anaitsomphola tipotiyo, madzi akudawo n'kumukhavukira pa siketi.

"Anaumba ndi bambo anga."

"Bambo ako ati? A ku ofesi aja?" anadabwa Ruka.

"Kulibe ofesi. Bambo anga ndi woumba."

 Daigo anameza malovu ake. Ruka anayang'ana siketi ya mnzakeyo atakwinya nkhope, kenako n'kunena motsitsa kuti ngati akuifuna atenge, ya phulusa agula ina.

Kotone anayenda nayo mpaka kwawo ataigwira ndi manja awiri, anthu m'njira akumupatuka chifukwa cha fungo. Atafika pa mpopi wa kuseri anakhuthula uvewo, n'kutokosa chingamu chija ndi kamtengo. Anatsuka ndi madzi ozizira, anatsuka ndi otentha, koma akanunkhiza, fodya yekhayekha.

Bambo ake anamupeza pamenepo. Anaitenga tipotiyo, naitembenuza, naiyandikizitsa pamphuno. Sanafunse kumene yachokera.

"Ya chaka chatha iyi. Inandivuta mlomo wake, koma mapeto ake inkathira bwino," anatero. "Leka, mwanawe. Dongo losapaka kanthu limamwa zimene walipatsa. Ukalipatsa tiyi wabwino limasunga tiyi, ukalipatsa fodya limasunga fodya. Umu simudzafululidwanso tiyi."

"Ndikaiviika mpaka mawa bwanji?"

"Olo mpaka chaka chamawa."

Anamubwezera tipotiyo n'kubwerera ku ntchito yawo akutsimphina pang'ono. Kotone anawayang'ana kumsana mpaka analowa m'shedi momwe ankaumbira. Misozi ikulengeza, anatsegulanso mpopi.