Dzanja Lomwe Linakonza Nyimbo za Lloyd

Tsiku lomwe Lloyd Mathero anakwatira Dainess wa ku Mbulumbuzi, m'chaka cha 2003, anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Mkwati sankakhazikika pampando. Nyimbo ikati ithe, iye nyamu kukasintha yekha chimbale, poti sankakhulupirira kuti m'Chiradzulu muli DJ wina woti n'kusangalatsa ukwati wake. Dainess ankangoseka atabisa nkhope m'maluwa. Ankamukonda mwamunayo ndi matama ake omwe.

Anakhala pa Namadzi, kuseri kwa siteji ya maminibasi, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Doreen. Loweruka Lloyd ankazungulira maukwati ndi zinkhoswe, Lamlungu n'kukhala kutsogolo m'tchalitchi kumvetsera mkazi wake akuimba kwaya. Anthu ankaloza banjalo polangiza ana awo.

Patatha zaka zitatu Lloyd anagula kompyuta. Anayamba kujambula mikisi, nyimbo zolumikizana ola lathunthu osadukiza. Iye ankajambula n'kukonza mawu, ndipo ntchito yokopera pa zimbale ndi kugulitsa pasiteji inali ya Dainess.

Posakaniza nyimbo, Lloyd analibe mnzake. Vuto linali pokonza mawu. M'kompyutamo munali kompuresa, yomwe imatsindira mawu okwera kuti otsika amveke nawo, ndi limita, yomwe ili ngati denga loti mawu asapitirire. Lloyd ankakhulupirira kuti chimbale chabwino ndi chofuula kuposa zonse, choncho ziwirizi ankazipotokola mpaka pamapeto. Chithunzi cha mawu pakompyuta chinkachita kuoneka ngati njerwa.

Amene akanamuwongolera analipo: a Kalisto, bambo wamasiye yemwe anagwirapo ntchito mu situdiyo ina ku Blantyre ndipo tsopano ankakonza mawayilesi pa Mbulumbuzi. Ndiwo anaphunzitsa Lloyd ntchito. Koma tsiku lina paukwati anamuuza anthu akumva kuti, "Iwe Lloyd, tsitsa. Zimenezi ndi nyimbo kapena chigayo?" Kuyambira pomwepo Lloyd sanafunenso kumva dzina lawo.

Zimbale zinayamba kubwerera. Shabani, dalaivala wa minibasi yemwenso anali mnzake wa Lloyd, anabweza chake kwa Dainess mwamanyazi.

"Alamu, nyimbo n'zabwino, koma mawuwa akung'amba masipika. Tisanafike pa Njuli anthu amakhala ayamba kale kukuwa kuti ndizimitse, mutu ukuwawa."

Dainess anayesa kumuuza mwamuna wake mofatsa.

"Bambo a Doreen, bwanji mutamasulako pang'ono? Anthu akuti..."

"Anthu ati? Ukudziwapo chiyani iwe? Kuimba kwaya si kukonza mawu. Gulitsa zimbalezo basi!"

Dainess anapitiriza kugulitsa zimbalezo. Koma zinkamuwawa kumva makondakitala akutchula mwamuna wake kuti DJ Chigayo, mwiniwake asakudziwa. Lachinayi lina, popita kukaona mayi ake ku Mbulumbuzi, anapatukira kwa a Kalisto atatenga chimbale chimodzi.

A Kalisto anamvetsera mphindi imodzi n'kuzimitsa.

"Ichi nde chafa, mayi. Ufa sungabwerere kukhala chimanga. Mukabwere ndi mikisi yaiwisi, imene sanaitsindire. Komanso ndineneretu, ntchito ya amuna anu ine sindiikhudza, amadana nane kale. Mukhale pampandopo ndinu. Ine changa n'kulankhula."

Loweruka lotsatira, Lloyd atapita kuukwati, Dainess anakopera mikisi yaiwisi. Lachinayi anakhala pakompyuta ya a Kalisto, chitseko chili chotsegula, mlongo wawo akusoka pakhonde.

"Muyambe mwalinganiza ndi dzanja," a Kalisto anatero. "Nyimbo yokwera itsike, yotsika ikwere. Kompuresa pambuyo. Inu ndinu mwana wa mlimi, eti? Nandolo mumaika bwanji m'thumba?"

"Timagwedeza thumba, n'kutsindira pang'ono."

"Nanga mutakwerapo ndi mapazi?"

"Thumba liphulika."

"Basitu. Ndipo nyimbozi eni ake anazitsindira kale, inu mukungosalaza. Kasingano ka kompuresako kazingogwedera timizere tiwiri, osapitirira. Musaifulumizitsenso kugwira, ng'oma iyambe yagunda kaye. Limita ikhale pomaliza, izingogwira timawu tolumpha apa ndi apo. Denga ndi lotchinga mvula, si loti muziligunda ndi mutu tsiku lonse. Mukamaliza, zonse ziwiri muzimve pa mlingo umodzi, poti chofuula chimanamiza khutu."

Khutu la kwaya lija linagwira ntchito. Pakutha pa miyezi iwiri a Kalisto ankangomusiya yekha, iwo n'kumakonza mawayilesi awo. Dainess anayamba kukopera zimbale kuchokera pa mikisi yomwe wakonza iye, ndipo Lloyd, poti zimbale zogulitsa sankazimvetsera, sanadziwe kanthu. Malonda anakwera. Maminibasi a Limbe ndi Zomba onse anali ndi Lloyd. Iye ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuti, "Mwaona? Anthu azolowera mphamvu." Dainess ankangomwetulira, ndipo kumwetulirako kunali kwa chikondi chenicheni.

Komabe tinene zoona: chinsinsi m'banja, ngakhale chikhale chabwino chotani, chimasiya mpata, ndipo mpatawo amadzaza ndi anthu akunja. Pasiteji panali Nabanda wogulitsa tomato, mayi woti nkhani ikamufika m'mawa, masana yabala ana. Mchemwali wake wa ku Mbulumbuzi ndiye anamunong'oneza za Dainess.

"Achimwene," Nabanda anamuitana Lloyd tsiku lina, "apongozi anu anasamukira kwa a Kalisto? Nde Lachinayi lililonse akazi anu amatherako maola awiritu. Ine sindinanene kanthu, ndangofunsa."

Lloyd anaseka, koma mawuwo anapita nawo. Patapita masiku atatu anakwera minibasi ya Shabani kupita ku Limbe, ndipo Shabani monyadira anaika chimbale chake. Lloyd anazindikira kasakanizidwe kake. Koma ng'oma inkagunda momasuka. Pofika pamene nyimbo imatsika n'kusiya gitala yekha, panatsikadi, ndipo ng'oma zitabwerera mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu. Monga mmisiri amadziwira mpando wa mnzake pongouona, Lloyd anadziwa kakonzedwe kameneko. Anatsika pa Njuli n'kubwerera.

Anamupeza Dainess akuchapa.

"Chimbale chili m'minibasi ya Shabani wakonza ndani?"

Dainess anaumitsa manja pachitenje. "Ndine, bambo."

"Usandipusitse! Dzanja la Kalisto ndimalidziwa ngati langa. Wamupatsa nyimbo zanga. China wamupatsa n'chiyani?"

"Bambo a Doreen, mawu amenewo musandinenere ine. Anandiphunzitsa basi. Ndinalakwa kubisa, pepani. Koma anthu amakusekani, ine zimandipweteka."

"Tsopano nde sakuseka? Namadzi yense akudziwa kumene mkazi wanga amakhala Lachinayi!"

"Yatsani kompyutayo ndikhalepo. Mphindi khumi zokha, muone ndi maso anu."

Mphindi khumi zimenezo zikanapulumutsa moyo. Koma kuti Lloyd ayatse kompyuta, kunali kuvomera kuti mwina mkazi wake akumuposa pa ntchito yake yomwe, ndipo mumtima mwake, mosadziwa, zinali zopepukirapo kukhulupirira kuti ndi wachigololo. Anazula nthambo zonse n'kuzikiyira m'bokosi.

Kwa sabata yathunthu m'nyumbamo munalibe moni. Lloyd ankamvetsera chimbale chija mobwerezabwereza, ndipo kukoma kwake ndiko kunkamuwotcha. Dainess analingalira zokaitana ankhoswe, koma anaona kuti ankhoswe sadziwa kompuresa. Anali ndi mikisi imodzi yaiwisi yomwe anali asanaikonze. Anaganiza zoikonza yekha komaliza, n'kujambulirapo mawu ake ofotokoza chilichonse chomwe wachita, kuti mwamuna wake akamve kuti akudziwadi.

Lachinayi anamusiya Doreen kwa mayi ake n'kupita kwa a Kalisto. Iwo anapukusa mutu, koma anamuyatsira kompyuta, n'kunyamula wayilesi kukapereka kwa mwini wake kumsika.

Ku Namadzi, Nabanda sanadikire n'komwe kuti Lloyd amufunse. "Akwera ya ku Mbulumbuzi, achimwene. Atchena."

Dzuwa lili pamutu, Lloyd anatsika minibasi atanyamula chitsulo choimikira sipika. Mlongo wa a Kalisto anamulonjera pakhonde, iye n'kungodutsa. Anaima pakhomo. Dainess anali atafulatira, mahedifoni ali m'makutu, mutu ukugwedera pang'onopang'ono. Anali yekha m'chipindamo, dzanja lake lili pakompyuta. Umboni wonse womwe Lloyd anaukana unali pamaso pake. Koma nsanje ili ndi maso akeake. Iye anangoona mkazi wake ali m'nyumba ya mwamuna wina, pampando wa mwamunayo, akusangalala.

"Dainess!"

Sanatembenuke.

"Dainess! Ukundinyoza?"

Akanamva bwanji, nyimbo za mwamuna wake zili m'makutu? Chitsulo chinatsika kamodzi. Mlongo wa a Kalisto anakuwa, anthu anathamanga, n'kumupeza Lloyd atakhala pansi, akuyang'ana manja ake. Anthuwo anathamangira naye Dainess kuchipatala chaching'ono cha pafupi, koma anatsirizika ali m'galimoto yopita naye kuchipatala chachikulu. Akuluakulu amati wosamva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu. Chowawa pa nkhani iyi n'choti wosamva anali wina, nkhwangwa inagwera wina.

Mlandu unalowa m'bwalo lalikulu patatha chaka. Loya wa Lloyd anati munthuyu anachita kuputidwa, poti anapeza mkazi wake kwa chibwenzi. Mlongo wa a Kalisto anachitira umboni kuti chitseko sichinatsekedwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Nabanda ataitanidwa anati iye sanaonepo kanthu, amangomva. Kenaka a Kalisto anapempha kuti bwalo limve zomwe zinapezeka pakompyuta tsikulo, ndipo woweruza analola.

M'bwalomo munamveka mawu a Dainess, odekha ngati ali pomwepo.

"Bambo a Doreen, ndine. A Kalisto kulibe, apita kumsika. Nyimbo yachitatu inali yokwera, ndaitsitsa ndi dzanja. Kompuresa ndaika pang'ono, kasingano kakungofika pa timizere tiwiri. Limita ikungogwira apa ndi apo. Pamene munalumikiza yachinayi ndi yachisanu sindinakhudzepo, palibe amene angapose pamenepo. Mumve zonse ziwiri pa mlingo umodzi. Mukaona kuti yanu ndiye yabwino, ndisiya, ndipo sindidzabweranso kuno. Ine ndingofuna tizilankhulana."

Nyimbo inayamba, ng'oma ikugunda momasuka. Lloyd anagwira mutu n'kulira mokuwa, mpaka apolisi anachita kumukhazika. Mayi a Dainess anatuluka panja atagwira Doreen padzanja.

Woweruza anati panalibe chigololo, panalibe womuputa, koma munthu yemwe anapatsidwa mwayi woona zoona n'kuukana. Anamulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu. Lloyd anayesa kunena kuti pepani, koma pepani sapoletsa chilonda.

Inu amuna amene mumati kukonda mkazi n'kumupanikiza, phunzirani kwa Lloyd. Anatsindira nyimbo zake mpaka zinasowa popumira, ndipo anthu anazibweza. Anatero ndi mkazi wake yemwe, koma munthu sabwezedwa. Nanunso a Nabanda a m'misika, dziwani kuti funso lanu limodzi lingasiye mwana wamasiye.

Lero Lloyd ali kundende, ndipo masiku ena amatuluka ndi anzake kukalima m'mbali mwa msewu. Zimbale zija anthu akukoperanabe. Minibasi ikaima pafupi, nthawi zina imakhala ikuimba mikisi yake, ndipo akaidi anzake amayamba kugwedeza mapewa.

"Aise Mathero," wina anamufunsa tsiku lina, "akutitu chimbale chimenechi n'chako. Unachikonza bwanji kuti chizimveka bwino chonchi?"

Lloyd anatsamira khasu. Anadikira mpaka pamene nyimbo imatsika n'kusiya gitala yekha, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Ine ndinangosakaniza," anatero. "Anakonza ndi mkazi wanga."