Mtembo Womangidwa Chibwano

Mtembo unapezeka Lachiwiri, 6:40 m'mawa, pamalo amene ankasalaza kuti amangepo msika watsopano kufupi ndi Ulongwe. Kale panali mudzi. Namondwe Freddy atadutsa, panatsala mchenga wokhawokha.

Inspekitala Hudson Chikaonda, amene imvi zinamumerera akufufuza milandu, anagwada pambali pa mtembowo. Womwalirayo anali Wadson, kapitawo wa ntchitoyo, ndipo kumutu kunali bala la khasu. Komabe anamugoneka bwinobwino chakumanja, nkhope kumpoto, chibwano chomangidwa ndi kansalu koyera.

Anthu onse analoza chala Ganizani, woumba njerwa, amene uvuni wake unagwetsedwa ndi thirakitala ya Wadson. Pofika 11:15 anali m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi ya Liwonde.

"Ndinamutukwana, eya," anatero Ganizani. "Atati adzuke ndingamutukwanenso. Koma dzulo lonse ndinali kuchipatala ku Balaka, mayi akunyumba akuchira."

Anamwino anamuikira umboni. Chikaonda anamumasula monyinyirika, poti pakamwa pokha munthuyo ankayenera ndende.

Amene anamutsegula maso Chikaonda ndi a Habiba, mayi wogwira ntchito kumochale.

"Bwana, chibwanochi mwamanga ndinu apolisi?"

"Iyayi."

"Zala zazikulu zakumapazi nazonso n'zomanga. Ife Asilamu timatero, nkhope kuloza ku Maka. Awa ndi manja a wosambitsa maliro."

M'mudzi wokokolokawo wosambitsa maliro aamuna anali mmodzi, Che Sufiyani. Anzawo onse anasamukira kumtunda, iwo anakana. Chikaonda anawapeza 4:30 madzulo atakhala pamchenga, pafupi ndi thirakitala.

"Simunachedwe," anatero mkuluyo.

"Munapha Wadson?"

"Ndinapha. Pansi pamene mwapondapo pali mkazi wanga Zaina ndi ana athu awiri. Matope anawakwirira, sitinawapeze. Ndasambitsa maliro a mudzi uno zaka makumi atatu, bwana, anga okha sindinawasambitse. Ndinamupempha katatu kuti asunthe zikhomo zake. Dzulo madzulo anandiuza kuti pano mpamene akumbe zimbudzi za msika, n'kuseka. Khasu linali m'manja mwanga."

Chikaonda anasuntha mapazi. Chisoni chinamugwira, ndipo chinamukwiyitsa, chifukwa Wadson nayenso anasiya ana.

"Nanga munamumangiranji chibwano?"

"Anali munthu. Ndikanamusiya kukamwa kuli yasa ngati galu wogundidwa pamsewu?"

Chikaonda anatulutsa unyolo. Che Sufiyani anatambasula manja, koma sanadzuke.

"Mundinyamule. Ndi miyendo yangayi sindichoka pano. Kukhoti ndikatchula maina awo mokweza mpaka alembedwe, tione amene adzakumbe chimbudzi pamutu pawo."

Anawanyamula apolisi anayi. Galimoto isananyamuke, woyendetsa thirakitala anabwera akupukuta manja.

"Bwana, mawa tiyambirenso? Anthu akudikira msika."

Chikaonda anatenga chingwe cha polisi n'kuyamba kuzunguliza, osati pamene panagona Wadson pokha, koma mchenga wonsewo mpaka kumtsinje. Chingwe chitatha anaitanitsa china.

"Pano pali mitembo itatu imene sinafufuzidwe," anatero. "Amene apondepo ndithana naye."

"Mpaka liti, bwana?"

"Mpaka tiwapeze."