Wogudubuza Tayala pa Mlatho

Kalipentala anachoka mochedwa pa shopu ya matayala tsiku limenelo, ndipo chomuchedwetsa chinali makani ake omwe. Anafika dzuwa likadali m'mwamba, akuti asankhe matayala anayi, amangitse, abwerere kwawo. Mdima unamupeza akadali pomwepo, iye akuloza tayala ili, mkulu wa pashopupo akuloza lina.

Nkhani yake inali yotere. Mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, anali woyembekezera, masiku atakwana, mkamwini ali kutali kuntchito. Kuchokera kunyumba kukafika kuchipatala msewu unali wa mitundu iwiri: woyamba wadothi, umene mvula ikagwa unkasanduka dambo, kenako wa tala, wautali ndi wokhotakhota. Matayala a pikapu yake yonyamulira matabwa anali atatheratu, osalala ngati dazi. Ndipo matope Kalipentala ankawadziwa kuposa munthu wina aliyense. Zaka zitatu m'mbuyomo pikapu yomweyo inatitimira usiku wonse, mkazi wake ali kumbuyo pamatiresi akubanika. Mmene kunkacha n'kuti atazizira kale.

N'chifukwa chake maso ake anakakamira pa matayala ena a mano akuluakulu ngati zibakera.

"Awo mano ali nawo, koma nthiti alibe," anatero mkulu uja. "Takanikizani m'mbalimu ndi chala. Mwaona? Chikulowa ngati mu buledi. M'matope mudutsa mukuimba nyimbo, koma pa tala litentha limeneli. Tengani awa. Mano ndi apakatikati, m'mbali ndi molimba, amayenda konsekonse."

"Madala, tala sanandiphere munthu ine," anayankha Kalipentala. "Amene anandiphera ndi matope."

Mkulu uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Anangoti kwada, amanga m'mawa. Kalipentala anasiya pikapu ili pa jeke, n'kuthamangira minibasi yomaliza.

Minibasiyo sinafike naye pa mphambano yokhotera kwawo. Anthu atatsika onse n'kutsala iye yekha, kondakitala anayamba kukanda m'mutu n'kunena kuti mafuta achepa, akubwerera. Kalipentala anatukwana pang'ono, chifukwa pakamwa pake sipankachedwa, koma anatsika. Kunali kuyenda ola limodzi pa tala, kudutsa pa mlatho, kenako kukhota kulowa m'matope.

Mvula inali ikuwaza. Anakweza kolala ya jekete, nayatsa tochi ya pafoni. Poyamba ankangoganiza za mwana wake, mmene m'mawa uja anagwirira m'chiuno akuseka kuti, "Bambo, mdzukulu wanuyu akumenya chitseko." Anafulumira. Nyumba za m'mbali mwa msewu zinayamba kutalikirana, kenako zinatha. Kunatsala iye, tala wonyowa ndi achule.

Atayandikira mlatho achule aja anangoti zii.

Anamva phokoso kutsogolo. Gudu... gudu... gudu... Linkabwera pang'onopang'ono, ngati chinthu cholemera chimene chikukana kuyenda. Anaima. Phokoso silinaime. Anakweza tochi.

Anali munthu. Mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, malaya oyera atamatirira pathupi, akugudubuza tayala pakati penipeni pa mlatho. Tayalalo linali long'ambika m'mbali, waya ali panja, n'chifukwa chake linkadumphadumpha. Kalipentala anapumira m'mwamba. Ndi dalaivala mnzanga wagwa m'mavuto, anaganiza choncho.

"Pepani achimwene. Galimoto mwaisiya pati?"

Munthu uja anaimika tayala ndi bondo. Sanaphethire ngakhale kuwala kunali m'maso mwake.

"Muli ndi pampu?"

"Ayi, ndilibe."

"Nanenso ndinalibe. Ndinaiiwala... ndinaiiwala ine."

Mawu ake anali otsika, onyowa, ngati a munthu wolankhulira m'chidebe. Kalipentala anafuna kunena kuti tayala lotere pampu singalithandize, koma maso ake anaona china. Tochi inagwera pa mano a tayalalo. Akuluakulu ngati zibakera. Omwe aja anawasankha madzulo!

"Ndinaphwetsa," anapitiriza munthu uja. "Matope ndinadutsa bwinobwino. Sindinatitimire ngakhale pamodzi."

Kalipentala anamvetsa zimene munthuyo ankatanthauza. Kuphwetsa ankakudziwa. Madalaivala onse a msewu umenewo ankatero: asanalowe m'matope ankachotsa mpweya pang'ono kuti tayala liphwanthalale, ligwire bwino. Akafika pa tala ankayenera kupopanso. Koma ndani ankaima? Iye mwini sanaimepo n'kamodzi komwe, ankangoti ndikapopera m'tauni.

"Gwirani," anatero munthu uja.

Sanafune, koma dzanja linapita lokha. Linakhudza mphira... Mayo! Moto! Tayala linali lotentha ngati mbaula, madontho a mvula akulira tsii, tsii akagwerapo. Fungo la mphira wopserera linamulowa m'mphuno. Pobweza dzanja anakhudza zala za munthu uja. Zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Mkazi wanga akudikira pansipo." Analoza kunsi kwa mlatho. "Ankakuwa kuti fulumirani. Ndinafulumira. Mwana sanalire."

Kalipentala anatembenuka, nawalitsa pansi. Madzi okha, akuda, akuthamanga. Panalibe galimoto. Panalibe mkazi. Anatembenukanso.

Panalibe munthu.

Koma phokoso linalipo. Gudu... gudu... gudu... Linkapita chakutauni, mumdima, popanda wokankha!

Mmene anafikira kunyumba iye mwini sakudziwa. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Anapeza mwana wake ali maso, atakhala pampando wa mayi ake, miyendo yotupa ataisanjika pa kasitulu.

"Bambo, galimoto ili kuti? Nanga dzanjali mwatani?"

Chikhatho chinali chakuda, chitatuluka matuza. Ananama kuti wagwira injini. Mwanayo anamudzoza mafuta akumukalipira ngati mmene ankachitira malemu mayi ake, kuti munthu wamkulu osamva, ndipo Kalipentala anayang'ana kumbali kuti misozi isaoneke. Usiku umenewo sanagone. Anakhala pakhomo pa chipinda cha mwana wake akumvetsera mmene akupumira, akupempha Mulungu kuti matenda asayambe kusanache. Mantha a mzimu anali atachepa. Chimene chinkamudya mumtima chinali chakuti akanathawa matope n'kukamuphera mwana wake pa tala, ndi manja ake omwe.

Kutangocha anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi mwanayo, iye n'kuuyatsa wa kutauni. Pa mlatho anadutsa ali m'minibasi, maso ali pansi.

Anapeza pikapu ikadali pa jeke. Matayala a mano akulu aja anali pomwe anawasiya.

"Sindinamange," anatero mkulu uja asanapatsidwe n'komwe moni. "Manja anakana. Ngati mukuwafunabe, kamangitseni kwina."

"Mangani enawo, madala. A nthiti zolimba aja."

Mkuluyo anadabwa. Munthu wa makani ngati uyu kusintha usiku umodzi? Anatenga sipanala, nagwada, nayamba ntchito, ndipo Kalipentala anakhala pa tayala lakale n'kufotokoza zonse: malaya oyera, tayala long'ambika, kutentha kwake, mkazi wa pansi pa mlatho. Anaonetsa chikhatho.

Sipanala inagwa pa simenti.

"Anali ndi chipsera pachibwano?"

"Eya. Chopingasa."

Mkulu uja anakhala pansi, pa simenti ya mafuta pomwepo, miyendo atatambasula ngati mwana.

"Chipsera chimenecho anachipezera muno, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anagwera pa limu ya tayala." Anapukuta kumaso ndi nsanza yakuda ya girisi. "Ndi mwana wanga ameneyo. Tinamuika zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, iye ndi mkazi wake, mwana ali m'mimba. Matayala amenewo ndinamumangira ndine. Nayenso ankaopa matope ngati inu, ndipo ine ndinamuyamikira kuti wasankha bwino."

Pepani Kalipentala anamuona kuchepa. Anangotola sipanala ija n'kuigwira.

"Amalowera kuti?" anafunsa mkuluyo.

"Kuno, madala. Amaligudubuzira kuno."

"Akubwera nalo kwa ine kuti ndimukonzere. Kuyambira ali mwana, chikawonongeka ankabwera nacho kwa ine." Anagwedeza mutu. "Zaka zonsezi sanafikebe."

Foni ya Kalipentala inalira. Anali mayi woyandikana nawo uja, akuti matenda ayamba, koma ndi poyambirira, abwere asachite phuma. Mkulu uja anamva. Anadzuka ngati wabwerera unyamata, ndipo awiriwo anamanga matayala anayi, wina akukweza, wina akulimbitsa. Atatha, mkuluyo analowa m'kachipinda ka kuseri. Anatuluka atanyamula pampu yopondera ndi phazi, yakale koma yopakidwa mafuta bwino, n'kuiika pampando wakutsogolo.

"Mukatuluka m'matope, pa mphambano, muime. Mwana akuwe bwanji, akutukwaneni bwanji, muime mupope onse anayi. Mwandimva?"

"Ndamva, madala. Ndibweza mawa."

"Musabweze. Malo ake ndi m'galimoto." Anagwira chitseko cha pikapu, osachisiya. "Mwati anati pampu anaiiwala?"

"Anatero. Kawiri."

Apa ndi pamene mkulu uja analira, kulira kwa munthu wamkulu kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Sanaiiwale. Yanga inathyoka sabata imeneyo, ndiye ndinatenga yake, yomweyi, kuseri kwa mpando wa galimoto yake osamuuza. Ndinkati ndibweza madzulo." Anasiya chitseko chija. "Mukadzakumana nayenso pa mlathopo, chonde musathawe. Mudzamuuze kuti sanaiiwale. Mudzamuuze kuti anatenga ndi bambo ake."