Anaponda Buleki Ndani?

Chaka chimene anthu anayamba kuvala zitenje za zipani mosabisa, Mose Kamwendo anagula pikapu yake yoyamba. Inali yoyera, ya dizilo, yokalamba ndithu, ndipo aliyense ku Senga Bay ankadziwa kuti kale inali ya chipatala china cha mishoni, komwe nthawi zina inkaperekeza maliro. Mose analibe nazo ntchito zimenezo. Ankapakira madengu a usipa n'kupita nawo ku Chitala, mayi ake aNangondo atakhala kutsogolo ngati bwana, mumsewu womwewo umene iwo anasenzamo nsomba pamutu mpaka tsitsi kuyera.

Chodabwitsa chinayamba usiku wina wa mwera. Mphepo itangoleka kugwedeza malata, Mose anamva kamawu kopyapyala kochokera pabwalo, piiii, kosapumira, ngati mwana akulira atatsekedwa pakamwa. Atasuzumira pazenera anaona kakuwala kofiira mkati mwa galimoto, ngati khala la moto. Kenako kanazima, kulira kuja n'kuduka. Galu sanauwe n'komwe.

"Wamva?" mkazi wake Molly anamunong'oneza, atamugwira mkono.

"Ndi mleme," anatero Mose, koma anabwerera m'bulangete atatuluka thukuta.

Usiku wotsatira zinachitikanso, ndipo tsopano kulirako kusanayambe kunkamveka kupuma, fuu, fuu, fuu, ngati wodwala chifuwa. M'mawa zitseko zinali zotseka, kiyi ali pamsomali wake pabalaza.

Nkhani inathamanga kuposa galimotoyo. Kumathandala oyanikira nsomba ankati ndi mayi wina amene anafera m'njira akupita kukachira. Ena ankati ndi dalaivala wakale akufuna mpando wake. Amayi ogula usipa anayamba kubwerera kumabasi, akuti nsomba zawo sizingakwere pamodzi ndi mizimu. Ngakhale aNangondo anachenjeza mwana wawo.

"Ukamva kulirako usatuluke, mwanawe. Zinthu zimenezi sizifuna kuonedwa."

Mose anayamba kuganiza zoigulitsa. Koma asanatero anapita nayo kwa Abbas, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango kuboma. Abbas anamvetsera nkhani yonse osaseka, kenako anatsegula boneti n'kuloza chitini chakuda chozungulira kuseri kwa injini.

"Ichi ndi busta, achimwene, chimathandiza phazi lanu kuti buleki isalimbe. Aka kali pambalipa ndi kasensa. Mphamvu ya mpweya ikatha m'chitinimu, kamayatsa babu lofiira n'kuliza kabelu. Mwina waya wakhudza chitsulo."

Anatsata wayayo ndi zala kuyambira pa kasensako mpaka kulowa mkati, kufufuza pomwe khoswe angakhale ataluma. Panalibe. Anazula pulagi, anaipukuta, anayesa moto ndi kababu kake koyesera. Anayamwa kapaipi n'kutseka ndi lilime kuti aone ngati kakutaya mpweya. Zonse zinali bwinobwino. Ndiye anakanda mutu, analowa m'galimoto, anapotokola kiyi osaliza injini, n'kuyamba kuponda buleki mobwerezabwereza. Fuu, fuu, fuu. Babu linayaka. Piiii!

Tsitsi la Mose linaima masana dzuwa likuswa mtengo.

"Ndi chomwecho! Ndi mawu omwewo!"

"Ndiye kasensaka sikakunama," anatero Abbas motsitsa mawu. "Wallahi, achimwene, galimoto yanu ilibe vuto. Pali phazi limene likumaponda buleki imeneyi usiku."

Tsiku lomwelo Mose anauza Molly yekha kuti akagona kumbuyo kwa pikapu. Anadzifunditsa lona lonunkha nsomba, tochi ili m'manja, akupemphera chamumtima. Mdima unali wa ndiweyani. Nkhululu zinalira, zinatopa. Patali mafunde ankangomenya mchenga. Kenako anamva mapazi opanda nsapato, oyenda pang'onopang'ono, akukwekwesa fumbi. Chitseko cha dalaivala chinalira mwakachetechete. Galimoto inatsamira mbali imodzi, mpando n'kudandaula. Kiyi anagwedera.

Ndiye anamva mawu onong'ona mkatimo.

"Taimani kaye, ng'ombe zidutse. Eya. Tiyeni. Otsika pa Chitala, konzekani."

Fuu, fuu, fuu. Piiii!

"Khala chete iwe, udzutsa ana!"

Mawu amenewo Mose ankawadziwa kuyambira ali kumsana. Anadumpha n'kuwalitsa tochi pagalasi. Pampandopo panali aNangondo, atakhalira pilo kuti aone kutsogolo, manja onse ali pachiwongolero, chitenje atachikwinyira m'mawondo.

"Amayi!"

"Zimitsa chimoto chakocho, ukundithobwa m'maso," anatero mayiwo, osasiya chiwongolero.

"Ndiye mzimu uja ndinu? Anthu andithawa, ndatsala pang'ono kugulitsa galimoto!"

ANangondo anaweramitsa mutu. "Zogulitsazo sindinadziwe, mwanawe. Tsiku loyamba nanenso ndinathawa, ndinkayesa ndi maliro aja andipeza. Koma mtima unakana. Ndayenda pansi moyo wanga wonse, magalimoto akundithira fumbi. Ndinkaopa kuti ndikakupempha undiseka."

"Nanga bwanji mumangoponda buleki yokhayokha?"

"Kuthamanga ngakhale mbuzi imathamanga. Ine ndimafuna ndidziwe kaye kuima."

Mose anakhala pansi m'fumbi momwemo, naseka mpaka misozi. Molly anatuluka ndi nyali, ndipo ataona apongozi ake pampando anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Loweruka m'mawa Mose anapita ndi mayi ake pabwalo la mpira kukawaphunzitsa kuyendetsa. Amayi a usipa aja anabwera onse kudzaona mzimu maso ndi maso, ndipo Abbas anafika pa njinga. Injini inalira, pikapu inadumpha ngati chule, inazima. Kachiwiri inanyamuka ndithu, ikukwawa mokhotakhota kulunjika pagolo, nthungululu zikuitsata pambuyo.

"Buleki, amayi, buleki!" anakuwa Mose.

Galimoto inaima nji, kutatsala chala chimodzi kuti igunde mtengo wagolo, Mose n'kumenyetsa chipumi pagalasi. ANangondo anatulutsa mutu pazenera, nayang'ana anzawo aja.

"Mukudikira chiyani? Pakirani madengu. Lolemba tikupita ku Chitala."